Namfedwa wa mu Foni

Uthenga woti bana Fackson, ndiye kuti amake Fackson pa Chibemba, atisiya unandipeza pampopi, ndowa yanga isanadzaze. Sindinalire. Ndinadikira kuti madzi afike pakamwa pa ndowa, ndinasenza, ndipo ndili m'njira ndinazindikira kuti ndikuyimba chapansipansi, nyimbo yake osati ya maliro ayi, ya paukwati. Amene akufuna kundiweruza andiweruze, koma ayambe wamva zimene mwana wa mayi ameneyo anandichita.

Ine ndine Tisauke Jere, Mngoni wa ku Chipata, koma mu komboni ya George muno ndinalowa ndili mtsikana ndipo ndakalambiramo. Anthu amanditchula amake Lillian. Amanditchulabe choncho ngakhale Lillian mwini wake ali ku manda a ku Chingwere. Anali mwana wanga wamkazi mmodzi yekha, telala wa pamsika wa Lilanda, wa manja oti akakusokera diresi ngakhale chimimba chimabisala. Anakwatiwa ndi Fackson Chilekwa, mnyamata wa Chibemba wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, woyendetsa minibasi. Tsiku la ukwati wawo komboni yonse inaseka kuti odya mbewa ndi odya anyani aphikira mu poto imodzi, ndipo amene tinkaseka kwambiri tinali ife awiri, ine ndi amake a mkwati.

Lamulungu lina masana, anthu akuweruka ku matchalitchi, Fackson anapeza Lillian atamanga zovala zake mu chitenje kuti abwerere kwa ine, poti anali atatopa ndi zibakera. Anatenga chitsulo chomasulira matayala. Oyandikana nawo anamva kukuwa, kenako anamuona akutuluka, malaya ali psuu. Pamene apolisi ankafika n'kuti iye atakwera kale thiraki ya mnzake, ndipo mmene kunkacha anali kutsidya kwa malire, m'dziko la eni. Bokosi la mwana wanga silinatsegulidwe. Achipatala anandigwira mapewa n'kundiuza kuti ndizimukumbukira mmene analili ali moyo. Ndinaika m'manda bokosi lotseka, nkhope ya mwana wanga osaiona.

Apolisi sindiwanenera zoipa, ntchito yawo anaigwira. Mboni anazifunsa, chitsulo chija anachisunga, dokotala ananena zake. Koma miyezi inadutsa kuli zii, ndipo nditatopa ndi kuuzidwa kuti ndibwere mawa, wapolisi wina wamkazi anandikhazika pa benchi n'kundiuza zoona.

"Bamai, tiziba kwamene ali, tiziba na nyumba yamene ankalamo," anatero. "Manje ise sitingayende kumugwila mu dziko ya bene. Pafunika pangano. Maboma yagwilizana ati wopaya munthu akathabila kwanu mumubweze, na umboni tizipasana. Maiko yambili yanangena kudala mu pangano ya so. Uko kwamene anathabila bakalibe kusaina, na ise kuno nkhani ikali pa tebulo ya bakulu-bakulu."

"Tebulo yamene iyo ili kuti," ndinamufunsa, "niyende nikaigubuduze?"

Anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anandiuza kuti mlandu suwola. Ndinamuyankha kuti mlanduwo suwola inde, koma mwana wanga akuwola.

Zaka zinapita. Atsikana a pamsika ankandionetsa zithunzi zake pa foni, ena mwa chifundo, ena chifukwa chongofuna kuona mmene ndichitire. Fackson ananenepa. Anatsegula kashopu ka zitsulo za magalimoto, anakwatira wina, ndipo pa chithunzi china anaima pakhomo pa tchalitchi atanyamula Baibulo pachifuwa ngati mlaliki. Ndinkamuda munthu ameneyu moti ndikamapemphera ndinkadumpha mawu aja onena za kukhululukira amangawa athu, kuopa kunamiza Mulungu.

Amalume ake, a Sydney Nsofwa, ndi phungu wa dera lina lakutali kumpoto, munthu wa mawu okoma pa wailesi. Sindikunena kuti ndiwo anamuthawitsa, poti ndilibe umboni. Koma ndinapita pageti pawo kumayadi kangapo konse kuti ndiwapemphe akaikumbutse nkhani ya panganoyi kumene amakhala ndi anzawo, ndipo nthawi zonse mlonda ankandiuza kuti bwana angotuluka kumene, galimoto ya bwanayo ndikuiona ndi maso anga mkati mwa mpanda.

Ndi bana Fackson sitinalankhulanenso. Kale tinali chala ndi mkanda. Ankandilanda tomato pamutu n'kunena kuti Mngoni sadziwa kudya zabwino, ine n'kuwalanda chitenje chatsopano n'kunena kuti chakubedwa chilibe mwini. Zonsezo zinapita ndi Lillian. Kamodzi kokha, matenda a shuga atawamaliza mpaka kutsala mafupa, anandipeza pampopi n'kuima pafupi nane.

"Amake Lillian, niziba simufuna kunimvela," anatero motsitsa mawu. "Koma na ine nipempela ati bamugwile. Bamubweletse, olo mu maunyolo. Akankala mu jele ku Chimbokaila nizayamba kumupelekela vakudya pa Sondo, nizamuona pamenso. Uko kwamene ali ni monga anafa, koma nilibe manda yolililapo."

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndinalavulira pambali, n'kusenza ndowa yanga. Iwo ankamufuna mwana wawo kuti azimudyetsa. Ine ndinkamufuna kuti ndimuone akuonda.

Tsopano anali atamwalira, ndipo madzulo a tsiku lomwelo amayi anzanga a Kum'mawa, kwathu kumene kuli Chipata, anabwera pakhomo panga, atatsogozedwa ndi amake Webster, Mnsenga wa kuseri kwathu. Anabwera chifukwa cha chimbuya. Kwa amene sakuchidziwa, chimbuya ndi ubale wachipongwe wa pakati pa ife a Kum'mawa ndi Abemba. Akuluakulu amati makolo athu anamenyana mpaka kutopa, ndiye anagwirizana kuti asiye mikondo azilasana ndi pakamwa. Mbemba ndikhoza kumutcha mbala pamaso pa mkazi wake, iye n'kunditcha wodya makoswe, ndipo amene wakwiya ndiye wolakwa. Pamaliro m'pamene chimbuya chimakula. Akafa Mbemba maliro ndi athu: timaphika, timasambitsa mtembo, timanyamula bokosi, timakwirira. Anamfedwa onse timawapaka ufa kumaso ndi kumutu, kaya avala suti ya mtengo wanji, ndipo kwathu kuno palibe amaupukuta manda asanatsekedwe. Tikafuna timalowa m'dzenje n'kukhala pansi, osatuluka mpaka eni maliro atatipepesa ndi kenakake. Mu chigawo chathu mtsogoleri wa zonsezi ndakhala ndine kwa zaka zambiri.

"Amake Lillian, ise tabwela chabe kukuuzani," anayamba amake Webster akuyang'ana pansi. "Ngati simufuna kuyenda ku malilo aya, kulibe azakupasani mulandu. Tizaigwila seka nchito."

"Nindani wakamba ati sinifuna?" ndinawayankha. "Malilo ya Mubemba ni yathu. Nipezeleni ufa, wa mugaiwa, uja wamene umamatila bwino."

Anayang'anana. Ankaganiza kuti mtima wanga wafewa, ndipo ndinawasiya aganize choncho. Zoona zake n'zakuti ndinali nditawerengera kale. Mwana wamwamuna woyamba sangalole amake aikidwe iye kulibe. Adzabwera mozemba, atavala chipewa, atasunga ndevu, adzabisala pakati pa anthu. Ndipo munthu amene amaloledwa kuyandikira namfedwa aliyense, kumugwira chibwano, kumuvula chipewa n'kumuyang'ana m'maso, ndi mbuya wonyamula ufa. Ndinatsegula sutikesi imene ndimasungamo zinthu za Lillian, ndinatenga sizasi yake yaikulu yodulira nsalu, n'kuimanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Ndinali nditatopa kudikira tebulo ya akuluakulu.

Masiku onse a maliro ndinagwira ntchito kuposa aliyense. Ndinaphika, ndinatunga madzi, ndinatukwana Abemba mpaka amasiye omwe ankaseka misozi ili m'masaya. Mtembo ndinasambitsa nawo, ndipo ndinausambitsa mwaulemu, poti mkangano wanga sunali ndi mtembo. Koma maso anga anali pachipata. Mwamuna aliyense wolowa ndinkamuthamangira ndi mbale ya ufa, kumugwetsa chipewa, kumupaka ndikumuyang'anitsitsa. Ndinapaka makondakitala a minibasi, ndinapaka madikoni, ndinapaka mpaka munthu wina amene anangobwera kudzafunsa njira. Fackson sanaoneke.

A Nsofwa anafika m'mawa wa tsiku loika, galimoto yawo ikuyenda mopendama m'maenje a mu George. Ndiwo anagula bokosi, ndiwo anabwereka matenti ndi mabasi. Atangotsika ndinawathira ufa wodzaza manja awiri, kuyambira pa dazi mpaka pa taye. Anthu anakuwa ndi chimwemwe. Iwo anaseka mokweza kuti onse aone kuti ndi munthu wodziwa mwambo. Sanandizindikire n'komwe, poti nkhope yanga ankaidziwa ndi mlonda wawo.

Ku Chingwere tinafika dzuwa litakwera. Abusa anali atanena kuti kuona nkhope kuchitikira kumanda komweko, chifukwa tchalitchi chawo n'chaching'ono. Anyamata athu a Kum'mawa anatsitsa bokosi n'kuliika pambali pa dzenje. Ine ndinkazungulira kumbuyo kwa gulu, ndikusuzumira kuseri kwa ziliza ndi m'mabasi, dzanja lili m'chiuno. Ndipamene ndinaona Cynthia, mlongo wake wa Fackson, ataimirira pamulu wa dothi, atakweza foni m'mwamba n'kumaitembenuza pang'onopang'ono ngati akuonetsa munthu malo. Ndinayandikira. Mu foni muja munali nkhope yonenepa, itavala malaya akuda, itakhala pa mpando wa sofa. Ndinamva ndi mawu ake omwe.

"Cynthia, kwezako pang'ono, sinikuona bwino bokosi."

Ndiye kuti anabwera pamaliro a amake, koma anabwera mu foni, thupi lake lili phee kutsidya kwa malire kumene palibe angamukhudze. Foni sungaibaye. Sizasi ija inangondilemera m'chiuno. Ndinayang'ana Cynthia, ndinayang'ana bokosi, ndinayang'ana a Nsofwa ali mbuu pampando wakutsogolo. Kenako ndinapatsira amake Webster mbale ya ufa, ndinakwinya chitenje, n'kutsetserekera m'dzenje. Ndinakhala pansi, miyendo tambalale.

Anthu anaseka, poti izi amaziyembekezera. Amayi a Kum'mawa anayamba kululutira. A Nsofwa ananyamuka akupukusa mutu, anaima m'mphepete mwa dzenje n'kutulutsa chikwama.

"Mbuya wanga, choka mu nyumba ya sisita wanga," anatero akumwetulira. "Tenga aka ukagule mbeba."

"Bweza ivo mu thumba, iwe wakudya nyani," ndinawayankha. "Vakuba sinilandila."

Gulu linafa nacho chiseko. Iwo anawonjezera, akuonetsa anthu kuti aone kuwolowa manja kwawo. Ndinapukusa mutu. Anawonjezeranso. Ndinapinda manja pachifuwa.

"Manje ufuna chani, mbuya? Motoka yanga?"

"Nifuna Fackson."

Chiseko chinazima ngati wathira madzi pa mbaula. Kumbuyo kunamveka wina akunong'oneza mnzake kuti amenewo ndi amake Lillian. Ndinaona nkhope ya a Nsofwa ikusintha pansi pa ufa. Anabweza chikwama m'thumba n'kuwerama kuti alankhule motsitsa.

"Bamai, napapata, apa si pokambila ivo."

"Lelo sindine bamai," ndinakweza mawu kuti amve ndi akumbuyo omwe. "Bamai ni baja benze kuimilila pa geti yako, ba gadi bako nobauza ati wachokapo. Lelo ndine mbuya wako, ndipo ukakalipa ndiwe wolakwa. Nankala mu mugodi uno, sinizachoka."

Anayang'ana abusa, abusa anayang'ana m'Baibulo. Anayang'ana madoda a Chibemba, madoda anayang'ana nsapato zawo. Palibe Mbemba amene angatulutse mbuya m'dzenje ndi manja, ndipo anyamata onyamula mafosholo onse anali athu.

"Mufana uja ali mu dziko ina," anatero a Nsofwa. "Ine nilibe mphamvu yomubweletsa. Ni nkhani ya maboma yabili, ili na njila yake, ifunika kupita mu makomiti."

"Boma nindani? Si iwe wamene unkala mu nyumba ya malamulo? Kamwa iyo banakupasa ya chani, yodyela masoseji ku misonkhano? Pangano ilipo, bakapokola ba ku polisi bananiuza. Maiko yenangu yanangena kudala. Imwe muyembekeza chani, Yesu abwele? Thiraki ikapita pa boda muziba vonse vili mukati, mpaka na matayala mupenda. Manje munthu wa magazi ku manja apita monga mphepo, afika uko asanduka mungelo, anyamula na Baibo. Ngenani mu pangano, na baja ba kusidya mubavute mpaka bangene. Wopaya munthu asapeze pogona."

"Nimvela kubaba kwanu, bamai, koma..."

"Siunamvele. Leka nikuuze vamene anakamba uyu ali mu bokosi." Ndinaloza bokosi lija ndi chala. "Sisita wako ananipeza pa pompi, atasila mafupa yeka-yeka. Ananiuza ati apempela mwana wake bamugwile, bamubweletse olo mu maunyolo, ati akankala ku Chimbokaila azayamba kumuona pa Sondo. Iyo ndiye yenze pempelo yake. Ine nenze kufuna Fackson kuti nimuone avutika, eve enze kumufuna kuti amudyese, koma tonse babili tenze kupempa chinthu chimozi, ndipo tonse munatimana. Wafa alibe kumuona mwana wake. Bokosi ya golide wagula, koma chamene anapempa siunamupase."

Cynthia anayamba kulira mokweza, ndipo amayi ena a Chibemba anamutsatira. Ndinadziwa pamenepo kuti mawu amenewa sanali achilendo kwa iwo, malemuwo ankawanenanso m'nyumba. Dzuwa linali litafika paliwombo. Thukuta linkatsika pa dazi la a Nsofwa n'kumalemba mizere mu ufa, koma sakanatha kupukuta. Achinyamata anali atatulutsa mafoni awo, onse ataloza pa iwo. Akuluakulu ananena kuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndipo tsiku limenelo ndinaziona zikuwapota phungu pamaso pa anthu.

"Chabwino," anatero pomaliza, mawu atauma. "Nizaikamba. Tikasegulila nyumba ya malamulo nizaimilila, nizafunsa pangano iyi ili pati."

"Osauza ine. Ine wazolobela kuninama. Gwila bokosi, uuze sisita wako."

Anazengereza. Kenako anayenda, anaika dzanja pa chivundikiro cha bokosi, n'kubwereza mawu aja, nthawi ino akutchula mlongo wawo ndi dzina lake laubwana. Pakati pa mawu misozi inatsika m'masaya mwawo. Kaya inali misozi yeniyeni kaya ya mafoni aja, sindikudziwa. Lonjezo la wandale ndimalidziwa, lili ngati madzi otungira m'lichero. Koma ili linanenedwa dzanja lili pa mtembo, pamaso pa George yense, ndipo ndinadziuza kuti pa maliro alionse a Mbemba amene bambo ameneyu adzapondepo, adzandipeza ndili m'dzenje ndikumukumbutsa. Ndinakweza manja, anyamata anandikoka, ndinatuluka.

Anthu anapuma. Abusa anafulumira kuyambitsa nyimbo, akuganiza kuti zatha, ndipo madikoni anatsegula bokosi kumutu kuti anthu aone nkhope. Mzere unayamba kuyenda, achibale kumapeto monga mwa mwambo. Bana Fackson anagona bwino, atavala duku loyera limene ndinawamanga ndekha. Ndinaima kumutu kwa bokosi, mbale yanga ya ufa ndaitenganso kwa amake Webster. Cynthia anali womaliza pamzere, foni ili m'manja, ndipo pamene ankayandikira ndinamva mawu aja akunjenjemera.

"Cynthia, sendeza foni. Nifuna kubaona bamayo. Sendeza pafupi na pamenso."

Ndinatambasula mkono n'kumutsekera njira.

"Imani," ndinatero. "Pali wofedwa umozi wamene sitinamupake."

Ndinatenga botolo la madzi limene amake Webster ananyamula, ndinathira m'mbale, n'kukanda ufa uja ndi zala mpaka unakhala phala lolimba. Cynthia ankangondiyang'ana, nayenso ali mbuu kumaso. Ndinamulanda foni, ndipo sanalimbe nayo. Kwa nthawi yoyamba chichokereni Lamulungu lija, ine ndi Fackson Chilekwa tinayang'anana. Anandizindikira nthawi yomweyo.

"Mwana woyamba wa malemu," ndinatero, "pepani na malilo."

Ndinatapa phala lija n'kumata pagalasi lonse, pankhope pake, ndi pa kadiso kakutsogolo. Ndinaitembenuza n'kumatanso timaso takumbuyo, ndikukanikiza ndi chala chachikulu kuti lilowe bwino. Foni yonse inayera. Palibe anaseka, koma palibenso anandigwira dzanja. Namfedwa aliyense amapakidwa, ndipo palibe amapukuta manda asanatsekedwe.

"Cynthia! Sinikuona chilichonse! Pukuta!" Mawu ankatuluka bwinobwino pansi pa ufa. "Cynthia, pukuta foni! Ba yama, bauzeni!"

Cynthia anayang'ana amalume ake. A Nsofwa anayang'ana kumbali, kumene kunali manda a anthu ena. Mtsikanayo anakweza dzanja pang'ono ngati akufuna kuitenga, kenako analibweza, anapita pabokosi yekha, anawerama n'kutsanzikana ndi amake.

"Bamai," tsopano ankalankhula ndi ine, akulira ngati mwana. "Amake Lillian, napapata. Kamozi chabe. Lekani nibaone bamayo kamozi chabe, ni komaliza."

Ndinayandikitsa foni pakamwa panga. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'zaka zonsezi, matemberero oti akanamva abusa akanandichotsa mu mpingo. Onse anathawa, anatsala ochepa.

"Na ine nenze kufuna kumuona Lillian kamozi chabe," ndinamuuza. "Bokosi yake sibanasegule. Uziba chifukwa."

Ndinagwedezera mutu madikoni, ndipo anatseka chivundikiro. Anyamata anakulunga zingwe, bokosi linatsika, abusa ananena za dothi kubwerera kudothi. Mu foni muja munthu ankakuwa, akuitana amake, akuitana Cynthia, akuitana Mulungu. Ndikanatha kuizimitsa, kapena kuibwezera kwa mwini wake. Sindinatero. Ndinapita m'mphepete mwa dzenje, ndinagwada, n'kuitambasulira pansi kuti amve bwino dothi loyamba likugunda pa bokosi.

Ndinakondwa, ndipo sindibisa. Chinali chimwemwe chowawa, chosakhutitsa, poti iye anali adakali pa sofa yake ndipo mwana wanga anali adakali m'munsi mwa manda omwewa, mizere ingapo kuchokera pamene ndinagwada. Koma malire amene anamubisa zaka zonsezi tsiku limenelo anamutsekera kunja, ndipo ndinafuna awamve kulemera kwake.

"Ukafuna kuona pamene tabaika, bwela," ndinamuuza mafosholo ali pakati pa ntchito. "Njila uiziba. Nizakupeleka neka pa manda, bakapokola kumbuyo kwathu."

Foni sanaidule. Ndinkamumva akupuma. Ndinaigwira foni ija pamwamba pa dzenje, mkono ukuwawa, mpaka fosholo yomaliza.